Marasipiberi mu Lusaka: kalimidwe kake, ndi chochita akamangochita masamba osabala

Dandaulo la ambiri amene anabzala marasipiberi pakhomo mu Lusaka ndi lakuti mbewu yakula bwino, matsinde afika m'chifuwa, masamba ali biriwiri, koma chipatso palibe, kapena pali tiwiri titatu tongonyenyeka m'manja. Musanagule feteleza wina, dziwani mtundu umene muli nawo, chifukwa vuto limayambira pamenepo nthawi zambiri.

Mizu ya rasipiberi imakhala zaka zambiri, koma tsinde lililonse limakhala zaka ziwiri zokha. Pali mitundu imene tsinde lake limakula chaka choyamba osabala, ligone m'nyengo yozizira, kenako lichite maluwa chaka chachiwiri. Imeneyi imafuna kuzizira kwa pansi pa madigiri 7 kwa maola 800 kapena kuposa, ndipo Juni ndi Julayi wathu sakwanitsa zimenezo. Usiku kumazizira ndithu, koma pofika masana kwafunda. Mapeto ake maso a tsinde amadzuka apo ndi apo, ena sadzuka n'komwe. Mitundu ina imabala kunsonga kwa tsinde latsopano chaka chomwecho, popanda kudikira kuzizira. Heritage, Autumn Bliss ndi Polka ali m'gulu limeneli, ndipo ndi limene liyenera kubzalidwa kuno. Pogula mbande funsani dzina la mtundu. Wogulitsa akalephera kulitchula, musagule.

Ngati munapatsidwa ndi mnansi ndipo dzina silidziwika, mangani kansalu pa matsinde asanu amene angophuka kumene, muziwayang'ana. Akachita maluwa kunsonga pakatha miyezi inayi kapena isanu, muli ndi mtundu wabwino. Chaka chikatha ali duu, ndi mtundu wofuna chisanu, ndipo ndi bwino kuuzula kusiyana ndi kuuthirira chaka china.

Malo ake akhale olandira dzuwa la m'mawa mpaka masana, maola osachepera 6, koma otetezeka ku dzuwa la madzulo. Kum'mawa kwa nyumba kapena kwa mpanda ndi kwabwino. Kumadzulo kwa khoma la mabuloko ayi, chifukwa khomalo limasunga kutentha mpaka usiku. Musabzale pamene panali tomato, mbatata ya kachewere, impwa kapena tsabola m'zaka zitatu zapitazi, popeza matenda ofotetsa a mbewu zimenezi amatsala m'nthaka ndipo amagwiranso rasipiberi.

Mizu yake ndi yosazama, yambiri ili m'masentimita 30 a pamwamba, ndipo sifuna kukhala m'madzi. M'madera amene madzi amaima mu Januwale ndi Febuluwale, mizu imaola, matsinde n'kufota ngakhale nthaka ili chinyontho. Kwezani bedi masentimita 25 mpaka 30, m'lifupi mita imodzi, musakanize ndowa ziwiri za manyowa owolerana bwino pa mita iliyonse. Manyowa a nkhuku osawola amawotcha mizu. Bzalani motalikana masentimita 50, mozama monga mmene mbande inaliri m'pepala lake. Mizere ikakhala iwiri, pakati pakhale mamita awiri. Zikani mizati kumapeto kwa mzere ndi pa mamita anayi aliwonse, mukoke mawaya awiri, wina pa masentimita 75, wina pa mita imodzi ndi theka, muzimangirirapo matsinde ndi chingwe chofewa.

Tsopano nkhani ya madzi, imene ambiri saiganizira. Rasipiberi imakonda nthaka yowawasa pang'ono, ya pH 5.5 mpaka 6.5 (pH ndi muyeso wa kuwawasa kwa nthaka: ikamakwera, kuwawasa kumachepa). Mbali yaikulu ya Lusaka ili pamwamba pa miyala ya laimu, n'chifukwa chake madzi a m'mabohoo ambiri amasiya zoyera m'ketulo. Zoyera zomwezo zimatsalanso m'bedi nthawi iliyonse mukathirira, pH n'kumakwera pang'onopang'ono, mpaka mizu kulephera kutenga ayironi ngakhale ilimo m'nthaka. Chizindikiro chake n'chosasokoneza: masamba anthete a kunsonga amasanduka achikasu, mitsempha yake yokha n'kutsala yobiriwira ngati ukonde. Akakhala masamba akale a m'munsi amene achita chikasu tsamba lonse, imeneyo ndi njala ya nayitirojeni, nkhani ina. Pa vuto la laimu, wazani salufa waufa magalamu 50 mpaka 100 pa sikweyamita, musakanize ndi dothi la pamwamba. Amagwira ntchito mochedwa, miyezi ingapo. Podikira, thirani ayironi wa mtundu wa EDDHA motsata muyeso wolembedwa pa paketi, chifukwa ndi amene amagwira m'nthaka ya laimu. Phulusa ndi laimu musayandikize ku bedi limeneli ngakhale pang'ono. Madzi a mvula otchera m'thanki ndi abwino kuposa a bohoo, ndipo amene akufuna kudziwa pH yeniyeni angapereke dothi kukapimitsa ku malo ofufuzira za ulimi a Mount Makulu, ku Chilanga.

Muyeso wa madzi ndi malita 25 mpaka 40 pa sikweyamita pa sabata, ogawidwa kawiri kapena katatu, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala muwonjezere. Thirirani pansi, osati pamasamba. Madzi akasowa pamene zipatso zikukula, zimakhala zazing'ono ndi zouma. Phimbirani bedi ndi udzu wouma wochindikala masentimita 8, koma usakhudze matsinde, ndipo muziuvundukula nthawi ndi nthawi kuona ngati chiswe chalowa.

Kudulira ndi kumene kumasankha mwezi wokolola, ndipo kuno nyengo zoipa zilipo ziwiri: kutentha kwa Okutobala ndi mvula ya Januwale mpaka Febuluwale. Kukatentha kupitirira madigiri 30, maluwa amayoyoka, ndipo timibulu ta chipatso ta mbali yoyang'ana dzuwa timayera, osapsa. M'mvula yambiri chuku chotuwa chimagwira maluwa ndi zipatso. Njira imene timalimbikitsa ndi kudula matsinde onse mpaka pansi kumapeto kwa Novembala kapena kuchiyambi kwa Disembala, osasiya zitsa. Atsopano amakula ndi mvula, n'kubala kuyambira cha mu Epulo mpaka Juni, kunja kuli kouma ndi kozizira bwino. Zodulazo zichotseni, muziwotche. Ofuna zokolola zachiwiri angadule nsonga zokha zimene zabala, n'kusiya tsinde la m'munsi kuti libalenso, koma zipatsozo zimagwera m'nyengo yotentha, ndiye pafunika neti ya mthunzi ya 30 kapena 40 peresenti. Cholakwa chofala ndi kutsina nsonga za matsinde atsopano atatalika kale, pofuna kuti mbewu ioneke yaudongo. Pa mtundu wobala chaka chomwecho maluwa ali kunsonga komweko, ndiye mwachedwetsa zokolola ndi masabata angapo, mwina mpaka kuzikankhira m'nyengo yoipa.

Mphukira zimatuluka zambiri kuchokera ku mizu, ndipo mtima umafuna kuzisiya zonse. Musatero. Siyani matsinde 8 kapena 10 onenepa pa mita iliyonse ya mzere, okula ngati pensulo kapena kuposa, ndipo mzere usapitirire masentimita 40 m'lifupi. Zotsala zidulidwe zikadali zazifupi. Bedi lothithikana limabala pamwamba pokha, m'kati muli mdima ndi chuku.

Feteleza akhale wochepa. Mukangodula, ikani Compound D magalamu 50 pa mita ya mzere, motalikirana ndi matsinde masentimita 15. Pakatha mwezi umodzi, onjezani ammonium sulphate magalamu 25, amene amathandizanso kutsitsa pH. Maluwa akayamba kuoneka, siyani nayitirojeni yense. Yuriya wothiridwa ngati wa chimanga amapereka matsinde atali, ofewa, a masamba akuluakulu, ndi zipatso zochepa zosachedwa kuola.

Chipatso chonyenyeka, cha timibulu tochepa, chili ndi zoyambitsa zazikulu ziwiri. Choyamba ndi kusowa njuchi. Duwa limodzi lili ndi timaso tambiri, ndipo kalikonse kayenera kulandira mungu kuti kakhale kambulu. Musapopere mankhwala ophera tizilombo maluwa ali otseguka. Chachiwiri ndi kachilombo ka vayirasi. Mbewu imodzimodziyo ikamabala zonyenyeka nyengo ndi nyengo pamene zinzake zili bwino, makamaka ngati ndi yopinimbira kapena masamba ake ali ndi mawanga achikasu, izuleni ndi mizu yomwe, muiwotche. Mankhwala ake palibe, ndipo mphukira zake musagawire munthu. M'chilimwe muziyang'ana kunsi kwa masamba. Timadontho toyera pamwamba ndi kaukonde kopyapyala kunsi ndi akangaude ofiira, omwe aja a pa tomato. Atsukeni ndi madzi amphamvu m'mawa, masiku atatu aliwonse, asanachuluke. Poteteza zipatso ku mbalame, chofunika ndi neti basi.

Kuchokera pa duwa kufika pa chipatso chakupsa pamatenga pafupifupi mwezi umodzi. Chakupsa chimavuka chokha mukachikoka pang'ono, kachitsononkho koyera n'kutsala pa tsinde. Chikakana, chisiyeni mpaka mawa lake. Thyolani m'mawa mame atauma, masiku awiri aliwonse, m'mbale yosazama kuti zisapsinjane. Musatsuke mpaka nthawi yodya, ndipo mufiriji zimakhala masiku awiri kapena atatu okha.