Kompyuta izikopa yokha mafayilo: kuyamba kulemba sikiliputi ya bash

Ku ofesi ina yaing'ono yosindikiza ndi kutaipa mapepala ku Katoto ndimayang'anira makompyuta, ndipo kwa nthawi yaitali tsiku lililonse ndisanaweruke ndinkalumikiza hadi disiki yakunja, kutsegula mafoda, kukopa ntchito za makasitomala mmodzimmodzi, kudikira zithe, kenako kuthamangira kabaza wa ku Chibavi kukuda kale komanso kuzizira kwa June mukukudziwa. Tsiku lomwe ndatopa kapena mvula yayamba ndinkangoti mawa, ndipo mawa lakelo ndi lomwe limatayitsa ntchito za anthu. Ndiye ngati muli ndi kantchito kotere kamene mumakabwereza daily ndi manja, yambirani pamenepo, osayamba ndi kuwerenga buku lonse ayi.

Sikiliputi ndi fayilo wamba momwe mwalembamo malamulo omwewo amene mumataipa pa terminal (zenera lotaipamo malamulo), mzere ndi mzere, ndipo shell, pulogalamu yomwe imamva malamulowo n'kuwachita, imawawerenga kuyambira pamwamba kutsika. Pa Ubuntu, mtundu wina wa Linux, terminal yanu ikatseguka mumakhala muli mu shell yotchedwa bash, yomwe Brian Fox analemba ku GNU ndipo inatuluka mu 1989 kudzalowa m'malo mwa Bourne shell ya Stephen Bourne ya mu 1979. Amene muli pa Windows ikani WSL, yomwe imayendetsa Linux m'kati mwa Windows, amene laputopu mulibe Termux pa foni ya Android ikukwanirani kuphunzirira. Bandulo ikatha musadandaule, taipani man rsync kapena help if, malangizo ali momwemo mu kompyuta, safuna intaneti.

Choyamba chitani ntchitoyo ndi manja pa terminal mpaka itheke. Ine ndinayamba ndi ichi:

rsync -a /home/ofesi/ntchito/ /mnt/bakapu/ntchito/

Ubwino wa rsync ndi woti ulendo woyamba imakopa zonse koma maulendo otsatira imangotenga zomwe zasintha, ndiye sizichedwa. Kamzere kopendekera ka kumapeto kwa ntchito/ kali ndi tanthauzo, kakakhalapo imakopa za m'kati mwa fodayo, mukakachotsa imakopa foda yeniyeniyo n'kukaiika m'kati mwa inzake. Onjezani -n ndi -v koyamba kuti ingokuonetsani zomwe ikanachita osakhudza kanthu.

Zikatheka, taipani nano bakapu.sh (nano ndi pulogalamu yolembera mafayilo pa terminal) mulembe izi:

#!/bin/bash
set -eu
GWERO="/home/ofesi/ntchito"
KOSUNGA="/mnt/bakapu"
LERO=$(date +%F)
if ! mountpoint -q "$KOSUNGA"; then
  echo "$LERO disiki sinalumikizidwe"
  exit 1
fi
rsync -a "$GWERO/" "$KOSUNGA/ntchito/"
echo "$LERO zatheka"

Sevani, kenako chmod +x bakapu.sh kuti iloledwe kuyenda, ndipo muiyendetse ndi ./bakapu.sh. Mzere woyamba uja umauza kompyuta kuti fayiloyi iwerengedwe ndi bash. set -eu imati lamulo lina likalephera imani pompo, komanso mukatchula dzina lomwe simunalipatse kanthu imani. Polemba GWERO="..." musasiye mpata mbali zonse za chizindikiro cha =, aliyense amagwa pamenepa tsiku loyamba.

Gawo la mountpoint lija, lomwe limaona ngati disiki yalumikizidwadi pa /mnt/bakapu, ndikufuna mulimvetse chifukwa ine linandiphunzitsa mowawa. Sikiliputi yanga yoyamba inalibe gawoli, ndiye tsiku lina mnzanga wa pa ofesi anazula disiki kupita nayo kukatenga zithunzi kwa kasitomala, sikiliputi inayenda bwinobwino osadandaula, koma foda ya /mnt/bakapu imakhalapobe ngakhale disiki yazulidwa, ndiye rsync inathira zonse mu kompyuta momwemo. M'mawa mwake makina akukana kuseva chilichonse, mayi wina atayima pa kauntala ndi fulashi m'manja akudikira mapepala a mwambo wa maliro omwe amafunika masana omwewo, ine thukuta kamukamu ngakhale kunkazizira. Nditataipa df -h ndinaona 100% pa disiki yaikulu. Kompyuta imachita zomwe mwalemba basi, sidziwa zomwe mumaganiza mumtima, ndiye chilichonse chimene maso anu amaona musanakope, monga kuti disiki ilipo, muyenera kuchilembamo.

Zizindikiro za " " kuzungulira "$GWERO" musazinyoze. Anthu athu amaseva mafayilo ndi maina ngati Lipoti la mwezi wa May.docx, ndipo popanda zizindikirozo bash imadula dzinalo pa mpata uliwonse n'kuona ngati ndi mafayilo asanu. Ndipo pa rm, lamulo lofufuta mafayilo, chenjerani kawiri. Mu 2015 pulogalamu ya masewera ya Steam pa Linux inali ndi mzere wa rm -rf "$STEAMROOT/"* ndipo dzinalo litakhala lopanda kanthu unasanduka lamulo lofufuta chilichonse kuyambira pa /, pomwe mafoda onse amayambira, anthu ena anataya mafayilo awo onse. Ine lamulo lililonse lofufuta ndimayamba ndaika echo kutsogolo kwake, ndione kaye zomwe lisindikize, ndikakhutira ndi pomwe ndimachotsa echo.

Mukalembera sikiliputi pa Windows n'kuipititsa ku Linux n'kuona uthenga wa bad interpreter wokhala ndi ^M, ndi mathero a mizere chabe, dos2unix bakapu.sh imakonza. Ikaninso shellcheck, imakulozerani zolakwika musanayendetse.

Tsopano kuti iziyenda yokha tigwiritsa ntchito cron, pulogalamu yoyendetsa malamulo pa nthawi yomwe mwaiuza. Taipani crontab -e muike mzere uwu:

30 16 * * 1-5 /home/ofesi/bakapu.sh >> /home/ofesi/bakapu.log 2>&1

Malo asanu oyambawo ndi mphindi, ola, tsiku la mwezi, mwezi, ndi tsiku la sabata, ndiye apa tikuti hafu pasiti folo madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu. Za kumapetozo zikutumiza mauthenga onse, abwino ndi oipa omwe, mu bakapu.log, chifukwa cron imagwira ntchito mwakachetechete ndipo popanda logi simungadziwe kuti yakhala ikulephera sabata yonse. Lembani njira yonse ya fayilo kuyambira pa /, cron sidziwa foda yomwe inu munali pa terminal.

Koma pali vuto lathu lakuno lomwe maphunziro ambiri a pa YouTube salitchula, magetsi. Nthawi ikakwana kompyuta ili yozima cron siibwezera ntchitoyo, imangodikira mawa. Njira yake ndi anacron, yomwe imakumbukira tsiku lomwe ntchito inayenda komaliza, ndiye magetsi akabwera mukayatsa makina imaona kuti lero sizinachitike n'kuziyendetsa. Pa Ubuntu ya pa desiki imakhalamo kale, mungokopera sikiliputi yanu mu /etc/cron.daily/ ndi sudo (lamulo lokupatsani mphamvu za woyang'anira kompyuta), koma dzina lake likhale bakapu basi, lopanda .sh, chifukwa mafayilo okhala ndi kadontho m'dzina amadumphidwa mu foda imeneyo, ndipo sakuuzani kanthu. Ine zinanditengera masiku atatu kuti ndizindikire. Kumbukirani kuti kumeneko imayenda ngati root, woyang'anira wamkulu wa kompyuta, ndipo palibe mzere wa crontab uja wotumiza mauthenga ku logi, ndiye ma echo aja muwalozetse ku logi yanu m'kati mwa sikiliputi momwemo.

Sikiliputi yachiwiri ikhale yoyang'ana malo otsala pa disiki ndi df, yachitatu yofufuta zosakhalitsa zakale ndi find ndi -mtime +30, apa ndi pomwe for ndi if zimayamba kukulowani m'mutu zokha chifukwa mukuzifunadi. Ndipo Lachisanu lililonse musanatseke ofesi taipani tail bakapu.log, kenako mutsegule fayilo imodzi kuchokera pa disiki ya bakapu, muone ndi maso anu kuti ikutsegukadi.