Kugwira penate ngati Hedvig Lindahl

Ndinayamba kuima pagolo ndili mtsikana, ndipo pano ndimaphunzitsa atsikana ena ntchito yomweyi. Akandifunsa za penate, ndimayamba ndawaonetsa kavidiyo kamodzi ka Hedvig Lindahl, goloboyi wa Sweden amene anasewerera dziko lake masewero 189 ndipo anaimanso pagolo la Chelsea, Wolfsburg ndi Atlético Madrid.

Kavidiyoko n'ka World Cup ya 2019 ku Paris. Sweden ikutsogola 1-0 ndi chigoli cha Stina Blackstenius, kenako oyimbira akupatsa Canada penate. Janine Beckie anaumenya bwino mpirawo, mwamphamvu, kulunjika pakona. Ndimakaonetsa kawiri. Ulendo wachiwiri ndimawauza atsikanawo kuti asayang'ane mpira, ayang'ane miyendo ya Lindahl. Sathamangira kugwa. Amaima mpaka nthawi itakwana, kenako n'kudziwongola thupi lonse, manja n'kuufikira mpirawo.

Ntchito imayamba tsiku la masewero lisanafike. Dziwani amene amamenya mapenate mu timu yomwe mukukumana nayo, phazi limene amamenyera, ndi mbali imene amakonda zinthu zikathina. Lembani m'kabuku. Mbiri yotere imalowa m'mutu mwa omenya: Christine Sinclair, kaputeni wa Canada, anamusiyira Beckie penate ija chifukwa Lindahl anali atagwirapo yake ku Algarve Cup miyezi ingapo m'mbuyomo. Goloboyi anali atayamba kale kupambana mpira usanaikidwe pamalo pake.

Oyimbira akaloza penate, imani pakati penipeni pa golo. Gololo ndi lotalika mamita 7.32 m'mbali ndi 2.44 kupita m'mwamba, ndipo mpira uli pamtunda wa mamita 11 okha, choncho simungatseke paliponse. Pindani mawondo pang'ono, thupi lilemerere kutsogolo kwa mapazi, osati kuzidendene. Manja akhale m'mbali, cha m'chiuno, zikhatho zitayang'ana mpira. Lamulo limati mbali ina ya phazi limodzi ikhale pamzere wa golo kapena kumbuyo kwake pamene mpira ukumenyedwa. Mukachoka mapazi onse awiri n'kuugwira, penateyo ibwerezedwa, thukuta lanu lapita pachabe.

Tsopano pofunika penipeni. Musayang'ane maso a womenya, maso amanama. Yang'anani phazi lopondera, lija amaliika pambali pa mpira, komanso chiuno. Kawirikawiri kumene chala chachikulu cha phazilo chaloza ndi kumene mpira ukupita. Wa phazi lamanja akatsegula chiuno, mpira umabwera kumanzere kwanu. Akachitseka n'kupinda thupi, umabwera kumanja kwanu. Ine ndinali ndi vuto logwa msanga. Tsiku lina pa mapenate ndinagwa katatu konse womenya asanaukhudze mpira, ndipo wachitatuyo anangoukankha pang'onopang'ono pakati, ine nditagona pansi ndikuuona ukudutsa pomwe ndinaima. Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo: sindisuntha mpaka phazi lopondera litatera.

Likatera, pondani sitepe imodzi yaifupi ndi phazi la mbali yomwe mukupita, molowera kutsogolo pang'ono, n'kudzikankha ndi mwendo womwewo. Mpira wapansi, dzanja lapansi litsogole. Wam'mwamba, dzanja lapamwamba ndi limene limafika patali. Limbitsani mkono, ndipo ngati simungaugwire, ukankhireni kumbali, osati kutsogolo. Mkati mwa masewero mpirawo ukadali wamoyo, ndiye dzukani msangamsanga.

Mapenate otsiriza masewero ali ndi zawozawo. Ku Olympics ya 2016 Lindahl anagwira penate yoyamba ya United States, ya Alex Morgan, m'makotafayinolo ku Brasília, ndipo Sweden inatulutsa akatswiri a dziko lonse. Patapita masiku ochepa, pa bwalo la Maracanã, anagwira ziwiri za Brazil, ya Cristiane ndi ya Andressinha. Zina zitatu za Brazil zinalowa. Atsikana anga ndimawauza zimenezi kawirikawiri, chifukwa ambiri akawachinya ziwiri zoyamba amagwa mphwayi, nkhope n'kugwa, womenya wotsatira n'kuona. Imodzi kapena ziwiri mwa zisanu n'zokwanira. Yalowayo italowa, tembenukani, pumani mpweya wautali, bwererani pamzere ngati palibe chachitika.

Ndipo phunzirani kumenya nanunso. Ku Euro 2025 goloboyi wa Sweden Jennifer Falk anagwira mapenate anayi a England, koma yake, yomwe ikanapititsa Sweden m'masemifayinolo, anaiponya pamwamba pa golo. Zinandipweteka mtima kwambiri, chifukwa anali atachita zoposa zimene munthu angapemphe kwa goloboyi. Kuyambira tsiku limenelo, goloboyi aliyense mu timu yanga amamenya mapenate asanu tisanaweruke.

Poyeserera, pezani anzanu atatu, mmodzi akhale wa phazi lamanzere. Ulendo woyamba musagwe n'komwe: imani chilili, phazi lopondera likatera ingolozani ndi dzanja mbali yomwe mukuganiza. Wina aziwerenga kuti mwalondola kangati pa khumi. Mukamafika pa kasanu ndi kawiri, valani magolovesi muyambe kugwa. Chitani zimenezi kumapeto kwa zokonzekera, miyendo italemera, chifukwa mapenate enieni amabwera mutatopa kale.