Kawerengedwe ka machenjezo a poizoni m'mabuku akale a zitsamba a ku China

Musanayang'ane nthenda imene chitsamba chimachiza, pezani kaye gulu lake. Buku la Shennong Bencao Jing lili ndi mankhwala 365 m'magulu atatu: 120 apamwamba, oti munthu angamwe kwa nthawi yaitali, 120 apakati, ndi 125 apansi, omwe ambiri ndi apoizoni. Liwu lakuti du, lomwe limapezeka kawirikawiri m'mabukuwa, silinena chiphe chokha; limanenanso ukali wa mankhwalawo.

Kenako onani muyezo. Bukuli limati mankhwala aukali ayambidwe pang'ono ngati kanjere ka mawere. Nthenda ikachoka, lekani. Ikakana, onjezani kawiri, ikakanabe, kakhumi. Buku lina lakale la Huangdi Neijing limati mankhwala aukali kwambiri asiyidwe nthenda ikachepa ndi magawo 6 mwa 10.

Pofunika kufatsa kwenikweni ndi pa kakonzedwe. Tengani fuzi, muzu wa Aconitum carmichaelii. Pa mankhwala otchedwa Sini tang, sing'anga wakale Zhang Zhongjing analemba kuti muzu umodzi usendedwe, udulidwe zidutswa 8, uwiritsidwe pamodzi ndi gancao (muzu wotsekemera wa licorice) ndi jinja wouma mpaka madzi ataphwera kutsala osakwana theka. Kuwiritsako n'kumene kumaphwanya aconitine, poizoni wa mu fuzi. Buku la boma la China la mankhwala limalola magalamu 3 mpaka 15 a fuzi wokonzedwa kale, ndipo limati ayambe iye kuwira, nthawi yaitali, zitsamba zina zisanalowe mumphika. Ngozi zambiri zimabwera munthu akafupikitsa nthawiyi kapena akaviika muzuwo mu mowa, poti mowa umakoka poizoniyo osamuphwanya. Dzanzi pamilomo ndi palilime, kusanza, ndi mtima kugunda mosalongosoka ndi zizindikiro zothamangira kuchipatala nthawi yomweyo, mutanyamula paketi yake. Fuzi wamuwisi si wokonzera pakhomo.

Onaninso mndandanda wa mankhwala 18 odana: Aconitum samasakanizidwa ndi banxia kapena beimu, gancao samayendera limodzi ndi gansui kapena haizao.

Koma musaime pa mawu akuti "alibe poizoni". Akalewo ankaona chiphe chogwetsa munthu tsiku lomwelo. Chodya thupi pang'onopang'ono chinkawadutsa. Dansha, mwala wofiira wokhala ndi mercury, anauika m'gulu lapamwamba. Mayina ofanana nawo amasocheretsa. Ku Belgium, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mapiritsi ochepetsa thupi anaikidwa guang fangji wa mtundu wa Aristolochia m'malo mwa han fangji, yemwe ndi Stephania tetrandra, ndipo amayi oposa 100 anawonongeka impso, ena n'kudwala khansa ya m'njira ya mkodzo. China inaletsa guan mutong, wa mtundu womwewo wa Aristolochia, mu 2003. Choncho dzina lakale lililonse lifananizeni ndi dzina la Chilatini lolembedwa pa paketi, ndipo ngati palibepo, musagule.