Momwe mungayendere ku Nyika ndi wolondolera alendo

Ambirife Nyika timangoiona pa kalendala, mbidzi zili yakaliyakali paudzu, n'kumaganiza kuti kumeneko n'kwa azungu okha. Chonsecho iyi ndi paki yaikulu kuposa ina iliyonse m'Malawi muno, ndipo inakhazikitsidwa mu 1965. Mmalawi amalipira ndalama yochepa pageti poyerekeza ndi mlendo wakunja. Chimene chimagonjetsa anthu si chiphaso cholowera ayi, koma msewu ndi chisanu.

1. Sankhani mwezi potengera chimene mukufuna kukaona

Ngati mtima uli pa maluwa, pitani mu Januwale kapena Febuluwale. Ku Nyika kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, omwe ena mwa iwo mizu yake ndi ija amapangira chikande. Musakumbe, n'zoletsedwa. Koma dziwani kuti miyezi imeneyo msewu umaterera. Woyenda pansi ulendo wautali asankhe pakati pa Meyi ndi Okutobala. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira moti mame amaundana paudzu, chifukwa dera lalikulu la pamwambapo lili pamtunda wa mamita oposa 2,000.

2. Lankhulani ndi a ku Chelinda musananyamuke

Pafupifupi zochitika zonse zimayambira pa Chelinda, pomwe pali malo ogona ndi okhomapo matenti pafupi ndi nkhalango ya paini. Imbani foni mukadali kunyumba, muwauze kuti mulipo angati, masiku angati, ndiponso ngati mukufuna wolondolera. Ulendo wogona m'tchire sakonza tsiku lomwelo. Pafunika wa gemu wonyamula mfuti, onyamula katundu ndi chakudya.

3. Msewu muupatse tsiku lathunthu

Kuchokera ku Mzuzu tsatani M1, mukhotere ku Rumphi. Dzazani mafuta pa Rumphi pomwepo, ndipo chigubu china chikhale kumbuyo, poti m'paki musayembekeze kupeza pothira. Gulaninso ufa, ndiwo ndi zina zonse. Mudutsa ku Bolero mpaka pageti la Thazima, ndipo kuchokera pamenepo kukafika pa Chelinda patsala makilomita pafupifupi 60 a msewu wafumbi. Pamapu zioneka ngati pafupi, koma ndi maola angapo. Tengani galimoto yokwera m'mwamba, ndipo nthawi yamvula ikhale 4x4. Fikani pageti dzuwa likadali pamutu. Moni wa "monire" ndi "yewo" akutsegulirani mitima, kuno n'kwa Atumbuka.

4. Longedzani ngati mukupita kudziko lozizira

Juzi yochindikala, chipewa, masokosi, jekete la mvula, nsapato zomwe munaziyendera kale, ndi tochi. Nsapato yatsopano idzakutulutsani matuza tsiku loyamba.

5. Yambani ndi maulendo aafupi

Tsiku loyamba musathamangire zitunda, thupi liyambe lazolowera. Zungulirani madamu a pafupi ndi Chelinda, komwe ena amawedza nsomba za trout atatenga chilolezo. Mukhoza kubwereka njinga yakapalasa kapena kukwera galimoto yoonera nyama. Mbidzi, nchefu, chilembwe ndi mphoyo zimaoneka patali chifukwa kulibe mitengo yotchinga. Ulendo wausiku ndiwo umapereka mwayi wokumana ndi kambuku kapena fisi, ngakhale palibe angakulonjezeni.

Apa mpomwe wolondolera amaonetsa phindu lake. Zitunda za ku Nyika zimafanana ngati mazira, ndipo nkhungu ikatsika simuona ngakhale mnzanu amene ali patsogolo. Iye amadziwa njira, amadziwa komwe njovu zadutsa (zina 34 zinabwera kuchokera ku Liwonde mu 2017), ndipo mukafika pa nyanja ya Kaulime akufotokozerani za njoka yaikulu imene makolo ankati imakhala m'menemo. Ineyo ndimaona kuti woyenda pa galimoto yekha wangoona theka la Nyika. Okonda mbalame amupemphe akawalowetse m'nkhalango ya Chowo, pakuti paki yonseyi ili ndi mitundu yoposa 400. Amiyendo yolimba akwere Nganda, nsonga yaitali kwambiri kumeneko, ya mamita oposa 2,600.

6. Ngati mphamvu zilipo, tsikirani ku Livingstonia

Uwu ndiye ulendo wotchuka: masiku atatu, kugona kawiri m'matenti, kuchokera pa Chelinda kulowera kummawa. Mumayamba m'udzu wozizira, kenako nkhalango, kenako minda ya anthu, nyanja ikuonekera kutsogolo. Kutsika kumapweteka maondo kuposa kukwera, ndiye dulirani ndodo. Gwirizanani za malipiro a wolondolera ndi onyamula katundu musanayambe, kuphatikizapo ndalama yoti abwerere, chifukwa iwo ulendo wawo suthera pomwe wanu wathera.

Pa Livingstonia onani Stone House, nyumba ya Dr Robert Laws, ndi mathithi a Manchewe, kenako mutsike msewu wokhotakhota wa Gorodi kukakwera minibasi pa Chitimba. Funso loti muyankhe mukadali ku Rumphi ndi ili: galimoto imene mwaisiya pa Chelinda akaitulutsa ndani? Pezani mnzanu wosakonda kuyenda pansi, azungulire nayo akakudikireni kunyanja.