Momwe mungayendetsere kalabu ya atsikana kumidzi ya m'mbali mwa nyanja ku Salima

Mtsikana amene wakhala m'kalasi yothinana kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu sangabwerenso Loweruka kudzakopera manotsi pa bolodi. Akabwera kawiri n'kupeza zomwezo, kachitatu mudzamupeza kudoko. Choncho kalabu yanu ikhale malo ogwira zinthu ndi manja: kuyeza, kufunsa, kulemba ndi kulankhula pagulu, kuti masamu ndi sayansi za kusukulu zikumane ndi usipa ndi mvula zomwe amaziona pakhomo.

Yambani ndi eni mudzi

Musanalembe dzina la mwana aliyense, kaonekereni kwa amfumu, kenaka kwa aphunzitsi aakulu ndi amayi a mother group. Nthawi yokumanira isankhidwe ndi makolo pamsonkhano. Ku Senga Bay ndi kwa Maganga mabanja ambiri ndi achisilamu ndipo ana amakhala ndi madrasa, pomwe a Adventist amapemphera Loweruka. M'mawa atsikana amakhala kumjigo, kochapa kapena kolandira nsomba. Maola awiri masana, monga 2 koloko mpaka 4 koloko, amakwana, ndipo wochokera kutali amafika kwawo dzuwa lisanalowe.

Atsikana asapitirire 25. A zaka 10 mpaka 13 akhale paokha, a zaka 14 mpaka 17 paokha, chifukwa wamng'ono satsegula pakamwa pamaso pa achemwali ake. Pakhale amayi awiri otsogolera nthawi zonse, ndipo mlendo wamwamuna, ngakhale akhale mphunzitsi, asatsale yekha ndi mwana.

Masamu a usipa

Apa m'pofunika kufatsa, chifukwa maperesenti amene amawagwetsa pa mayeso a Sitandade 8 amamveka bwino pathandala kuposa pa bolodi. Mufunika sikelo yokoleka, kandowa ka malita 5, usipa wauwisi wodzadza kandowako, thandala lobwereka ndi kope limodzi pa gulu lililonse la atsikana asanu.

Ayambe kuyeza kandowa kopanda kanthu n'kulemba. Ambiri amaiwala zimenezi, ndiye masamu onse amapotoka kuyambira pachiyambi. Kenaka ayeze kali ndi usipa, achotsere kulemera kwa kandowa, ayanike mosaunjika. Atsikana awiri okhala pafupi apatsidwe udindo wotembenuza, wolondera akhwangwala ndi woyezanso usipawo ukauma. Tiyerekeze kuti wauwisi unali makilogalamu 4 ndipo wouma watsala 1.2: makilogalamu 2.8 apita kuti, ndipo ndi maperesenti angati? Yankho ndi 70, koma musawauze msanga. Asiyeni akangane mpaka wina atulukire yekha kuti chomwe chachoka ndi madzi.

Sabata yotsatira bwerani ndi nkhani ya ndalama. Alembe mtengo wopikulira, thumba, thiransipoti yopita ku Lilongwe ndi yobwerera, msonkho wa pamsika ndi chakudya cha panjira, kenaka awerengere kuti mulu umodzi ugulitsidwe zingati kuti mpamba ubwerere. Itanani mayi wa geni ya nsomba kuti adzawachongere. Ana amadabwa kuona mayi amene mwina sanafike ku sekondale akuwapeza zolakwa ndi masamu a m'mutu, ndipo mayiyo akabwerera kumudzi amakakhala mboni ya kalabu yanu. Ntchitoyi muichite m'chilimwe, cha m'ma August mpaka October. M'dzinja usipa umaola pathandala usanaume.

Choyezera mvula cha botolo

Mvula ikayandikira mu November, gulu lililonse lipange choyezera chake. Tengani botolo la pulasitiki la malita 2 loonekera m'kati, la mbali zowongoka. Dulani pamene phewa la botolo lathera, mutembenuze kamutuko kalowe m'botolo ngati fanulo. Pansi pa botolo pamakhala mabampu, ndiye ikanimo timiyala n'kuthira madzi mpaka atiphimbe. Pamene pafika madziwo jambulani mzere wa 0, ndipo mumatepo rula kuyambira pamzerewo.

Likumbireni pang'ono pabwalo, kutali ndi mtengo wa mango ndi denga, mulitchinjirize ndi njerwa kuti mbuzi zisaligwetse. Aziwerenga nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse, diso lili molingana ndi madzi, alembe mamilimita, akhuthule, abwezere madzi pa 0. Dzuwa la ku Salima ndi loopsa: likawomba masiku atatu madzi a pansiwo amaphwa, ndipo mvula yotsatira imaoneka yochepa ngati sanadzadzirenso. Akazolowera, auzeni kuti milimita imodzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Ayeze denga la kalasi yawo, awerengere kuti mvula ya mamilimita 20 ingadzadze ndowa zingati za malita 20. Pofika April amakhala ndi girafu ya dzinja lonse yoti akaonetse alangizi a zaulimi.

Mabuku olemba okha

Mabuku akasowa, alembe awo. Aliyense akafunse agogo ake nkhani imodzi: momwe asodzi amadziwira kuti mwera ukubwera, momwe mpunga umawokeredwa ku Lifuwu, kapena malamulo a usodzi a pa chilumba cha Mbenji kwa Makanjira. Alembe tsamba limodzi m'Chichewa, kenaka ndime imodzi yokha m'Chingerezi, popeza mayeso a MANEB, kupatula pepala la Chichewa, amabwera m'Chingerezi. Aliyense awerenge ataimirira kwa mphindi ziwiri. Musamudule pakati kuti mumukonze katchulidwe. Mwana amene wasekedwa kamodzi amatha mwezi osakwezanso mkono. Masambawo muwasokere pamodzi ndi ulusi, chikuto chikhale cha katoni.

Kamodzi pa teremu pitani nawo kunja. Malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Nanjoka ndi nkhalango ya Kuti zili momwemuno m'boma lathu. Lembani kalata yopempha nthawi ikadalipo, ndipo kholo lililonse lisayine kapena kudinda chala.

Kaundula ndi kabokosi

M'chipinda chokumaniramo mukhale kabokosi ka mapadi, sopo ndi chitenje, pamalo poti mtsikana atenge popanda kupempha pagulu. Ambiri amene amati "mutu ukundipweteka" amakhala ali kumwezi.

Kaundula muziitana sabata iliyonse. Mtsikana akajomba kawiri motsatizana, mayi wa mother group apite kwawo sabata yomweyo, akacheze ndi amake kuseri, osati pabwalo. Mwina ndi ntchito ya kumunda chabe, mwina akumutuma kukagulitsa zitumbuwa kudoko usiku, komwe asodzi amakhala ndi ndalama m'manja. Mukamva za ukwati, dziwani kuti kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Dziwitsani amfumu ndi a ofesi yosamalira anthu, ndipo pakakhala nkhanza pitani ku Victim Support Unit ya kupolisi kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Amene watenga mimba musamufufute m'kaundula. Ndondomeko ya boma imamulola kubwerera kusukulu akabereka, ndiye azibwerabe ku kalabu, ndipo aphunzitsi aakulu adziwitsidwe msanga kuti amusungire malo.