Mmene Mungatsogolere Zokambirana za Magetsi a Nyukiliya M'dera Lanu

Kuno ku Mulanje, munthu akangotchula mawu oti nyukiliya, ambiri amaganiza za bomba, ndipo sitingawanene, chifukwa nkhani imene tinakula tikuimva ndi ya mzinda wa Hiroshima m'chaka cha 1945. Komabe m'mayiko ambiri maganizo akusintha, choncho ngati mwapatsidwa udindo wotsogolera nkhaniyi ku kalabu ya achinyamata, kumpingo kapena pamsonkhano wa komiti ya chitukuko, konzekerani mokwanira, ndipo cholinga chanu chikhale chakuti anthu amvetse, osati kuti angokuvomerezani.

Yambani ndi chinthu chimene anthu amachidziwa kale. Aliyense amene anagwirapo ntchito pafakitale ya tiyi anaionapo boila imene amaisonkhezera ndi nkhuni za bulugama mpaka madzi atasanduka nthunzi yamphamvu. Afotokozereni kuti pamalo opangira magetsi a nyukiliya pamachitikanso zomwezo, kungoti kutentha sikuchokera ku nkhuni koma ku yureniyamu, mtundu wa chitsulo chokumbidwa pansi, pamene tizigawo take ting'onoting'ono kwambiri totchedwa maatomu tikugawanika, ndipo nthunziyo ndi imene imazunguza makina opanga magetsi. Musaiwale kunena kuti yureniyamu yopangira bomba imayengedwa kwambiri kuposa yopangira magetsi, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka.

Mukatero, lolani anthu anene mantha awo, ndipo akuluakulu ayambe ndiwo. Musabise ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl ya 1986 kapena ya ku Fukushima ya 2011, pakuti munthu akadzaimva kwa ena sadzakukhulupiriraninso. Nenaninso kuti dziko la Germany linatseka malo ake otsiriza a nyukiliya mu 2023, koma m'chaka chomwecho, pamsonkhano wa zanyengo ku Dubai, mayiko oposa 20 analonjeza kuchulukitsa katatu mphamvu zawo za nyukiliya pofika 2050, makamaka chifukwa magetsiwa satulutsa utsi wosokoneza nyengo ngati wa malasha.

Apa mpamene nkhani imafika pakhomo pathu. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, zigayo ndi malo owotcherera zitsulo n'kumangokhala chete tsiku lonse. Ife amene tinaona matope ndi miyala zikutsika m'phiri nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 sitifunika kuuzidwa kuti kudalira mtsinje umodzi n'koopsa. Akumbutseninso kuti yureniyamu si chinthu chachilendo kuno, popeza mgodi wa Kayelekera ku Karonga unayamba kuikumba mu 2009, ndipo ku South Africa malo a Koeberg, pafupi ndi Cape Town, akhala akupanga magetsi otere kuyambira 1984.

Ine ndimaona kuti wotsogolera wabwino amadzutsa yekha mafunso ovuta asanafunsidwe. Zotsalira za nyukiliya zimakhala zoopsa kwa zaka zikwi zambiri, ndiye zidzasungidwa kuti, ndipo adzaziyang'anira ndani? Kumanga malo amodzi kumadya ndalama zochuluka kwambiri ndiponso zaka zambiri, pamene magetsi a dzuwa kapena a mitsinje ing'onoing'ono, monga a ku Bondo pamtsinje wa Lichenya, amafika m'mudzi msanga. Koeberg yokha imapanga magetsi oposa a dziko lathu lonse, kutanthauza kuti titati timange malo otere kuno, mawaya athu angafunike kukonzedwa kaye.

Musamalize ndi voti yokweza manja, chifukwa munthu akakweza dzanja pagulu zimamuvuta kudzasintha maganizo. M'malo mwake, mlembi alembe mafunso onse amene simunathe kuwayankha, ndipo muwatumize kwa aphunzitsi a sayansi a kusekondale yapafupi kapena ku bungwe la boma la Atomic Energy Regulatory Authority, kenako mugwirizane tsiku lodzakumananso kuti mayankhowo adzawerengedwe pamaso pa onse.