Mpunga wa Chikondwerero Si Wofunditsa Bulangete

Khirisimasi yangothayi yasiya nkhani yofanana m'midzi ingapo ya m'dera langa. Anthu adya bwino masana, koma dzuwa lisanalowe ana ayamba kusanza, akuluakulu akupikisana ndi chimbudzi. Nyuwere ili pakhomo, ndipo tikakhala chete tibwerezanso zomwezo. Ambiri akunamizira nkhuku, ena mafuta ophikira. Komwe ndafufuza, wolakwa ndi mpunga wophikidwa usiku kapena m'bandakucha, n'kuukulunga m'chitenje ndi bulangete kuti usazizire mpaka anthu ataweruka kutchalitchi.

Chifukwa chake ndikuchidziwa: mbaula ndi imodzi, sefuliya yaikulu ndi yobwereka, mayi nayenso akufuna kukapemphera. Koma mpunga umachoka kudimba uli kale ndi tizilombo totchedwa Bacillus cereus, ndipo timbewu take sitifa ngakhale madzi awire bwanji. Mukaphula, kutentha kukangotsika pansi pa madigiri 60, timbewuto timadzuka, timaswana, n'kuyamba kutulutsa poizoni. Bulangete lilibe moto. Ntchito yake ndi kuchedwetsa kuzizira basi, choncho mpunga umakhala wofunda maola ambirimbiri, komwe ndi kufunda kumene tizilomboti timafuna. Sefuliya ikakula vuto limakulanso, chifukwa pakati pake pamachedwa kuzizira. Onjezanipo chithukuthuku cha mu December.

Chowawa n'chakuti poizoni ameneyu sanunkha, sasasa, ndipo kutenthetsa sikumupha. Ndiye zondiuza kuti "ndinanunkhiza, unali bwinobwino" kapena "ndinaubwezera pamoto" sizindigwira mtima. Wodya amayamba kusanza pakati pa ola limodzi ndi maola 5, pomwe ena m'mimba mumatseguka usiku.

Ndatopanso ndi yankho lija lakuti makolo athu ankadya mkute osadwala. Mkute ndi mitanda iwiri ya nsima yomwe imazizira msanga m'mbale. Musaufanizire ndi sefuliya yodyetsa mudzi wonse, yokhala chifundire kuyambira usiku mpaka masana.

Mayi wina wolima chimanga ndi soya anandiimitsa panjira tsiku lotsatira Khirisimasi, nkhope ili gwaa. "Alangizi, kwathu kwavuta. Akuti mlamu wanga anathira mankhwala m'chakudya, poti ndiye ankagawa." Ndinawafunsa kuti, "Mayi, mpungawo munaphika nthawi yanji?" Anati tambala asanalire, ndipo anaufunditsa bwino m'chipinda. Anadya cha m'ma 2 koloko masana. Mlamu uja sanadwale chifukwa sakonda mpunga, anadya nsima, ndiye anthu anatenga chimenecho ngati umboni. Nkhani inatsala pang'ono kukafika kwa amfumu, pamene wolakwa anali bulangete.

Tawerengani zomwe zinapita. Ndalama za Kilombero, yemwe si wotchipa. Nkhuku yomwe munaisunga chaka chonse, munaiteteza ku chitopa, ana angoisanza. Ya kabaza wopita kuchipatala usiku. Ndipo chomwe chimandipweteka ine monga mlangizi: ino ndi nthawi yopalira ndi kuthira feteleza wobereketsa. Banja likagona masiku awiri atatu, udzu sudikira, ndipo Urea wothira mochedwa sabweza ndalama yake. Kuchipatala nakonso kutsegula m'mimba nyengo ya mvula sakutenga mopepuka, makamaka chichitikireni kolera amene anayambira ku Machinga mu 2022 n'kupha anthu opitirira 1,700. Mungapezeke pakhomo panu pafika azaumoyo kudzafufuza, chifukwa cha sefuliya imodzi.

Zoyenera kuchita n'zachidule. Yambani ndi ndiwo, mpunga ukhale womalizira, suchedwa kupsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola 2. Alendo akachedwa, sefuliya ikhale pa mbaula ya makala pang'ono, ena pachivundikiro, kuti nthunzi isaleke. Ngati palibe wotsala pakhomo, phikani mukabwera, anthu ayambe amwa thobwa. Mpunga wotsala muuyale m'mbale zosaya kuti uzizire msanga, ulowe m'fuliji pasanathe ola, mudye mawa lake, kutenthetsa kamodzi kokha mpaka nthunzi itatuluka paliponse. Opanda fuliji, kapena ngati magetsi athima, yezani mpunga woti uthe, ndipo wotsala agawireni oyandikana nawo ukadali wotentha. Mwana akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini, azimwa pang'onopang'ono muli pa ulendo wa kuchipatala.